Ndalama n'zochepa: ndigule eyepiece iti poyamba?

Owerenga wina walemba kuti: "Miyezi itatu yapitayo ndinagula telesikopu yanga yoyamba, ya mtundu wa Newtonian. Galasi lake lalikulu ndi la mamilimita 130, ndipo pathupi pake analembapo F=650mm. Inabwera ndi ma eyepiece awiri, timagalasi tosuzumirapo diso, a 25mm ndi 10mm. Ya 25mm ndimasangalala nayo, koma ya 10mm imandizunza. Ndimachita kukanikiza diso pagalasi, ndipo Saturn amaoneka kachinthu kakang'onong'ono. Ndaona akugulitsa bokosi la ma eyepiece asanu pamodzi ndi tisefa tamitundumitundu, pamtengo wotsika. M'thumba mwanga simuli zambiri. Kodi ndigule bokosilo?"

Bokosilo lisiyeni, mnzanga. Ndalama zomwezo mugulire eyepiece imodzi yokha imene diso lanu lidzapumirapo, ndipo yachiwiri idikire mpaka mutaona nokha pamene pakuperewera. Ndikufotokozerani chifukwa chake, koma tiyambe ndi samu imodzi, chifukwa popanda iyo mudzakhala mukugula mwa m'chimbulimbuli.

Nambala ya 650 ija ndi focal length ya telesikopu yanu, kutanthauza mtunda umene kuwala kumayenda kuchoka pagalasi lalikulu mpaka pamene kumakumana n'kupanga chithunzi. Nambala yolembedwa pa eyepiece ndi focal length yakenso. Mukagawa yoyambayo ndi yachiwiriyo, mwapeza kuti chinthu chikukuzidwa kangati. 650 kugawa ndi 25 ndi 26. 650 kugawa ndi 10 ndi 65. Ndiye kuti nambala ya pa eyepiece ikamachepa, kukuza kumakwera. Apa mpamene ambiri amasochera akamatsatira malangizo a anzawo: munthu amene telesikopu yake ndi ya 1200mm akamayamikira eyepiece ya 10mm, iye akuona zinthu zokuzidwa ka 120, pamene inu yomweyo ikupatsani ka 65 basi. Nthawi zonse werengani ndi nambala ya telesikopu yanu.

Chachiwiri choti mugwiritsitse n'chakuti eyepiece silenga chithunzi. Ntchito yotolera kuwala ndi kupanga chithunzi ndi ya galasi la 130mm lija. Eyepiece ndi kagalasi kokuzira chabe, koyang'anira chithunzi chimene chapangidwa kale. Zimene galasi lalikulu silinatole, palibe eyepiece ingazibweretse, ngakhale itadula chotani. Anthu oyang'ana nyenyezi amati malire a kukuza amakhala pafupifupi kukula kwa galasi m'mamilimita kuchulukitsa kawiri, ndiye kwa inu ndi ka 260. Koma ameneyo ndi malire a papepala. Pakati pa inu ndi nyenyezi pali mpweya, ndipo mpweyawo sukhala chete. Tsiku lina mukadzaloza telesikopu kumwezi, mudzayang'anitsitse m'mphepete mwake. Mudzaona mukuwirawira ngati mukuyang'ana chinthu kudzera pamwamba pa moto. Mukakuza kwambiri, mukukuza kuwirawira komweko. Usiku wambiri telesikopu ngati yanu imagwira bwino ntchito pakati pa ka 100 ndi ka 150, ndipo usiku wolola kupyola ka 200 umabwera mwa apo ndi apo.

Za Saturn ndikuuzeni zoona musanawononge ndalama: adzakhalabe wamng'ono. Zithunzi zikuluzikulu zimene mumaona pa intaneti zinajambulidwa ndi makamera, zambiri n'kukonzedwa pa kompyuta, zina n'zochokera ku zombo zimene zinafika pafupi ndi pulanetiyo. Chimene mukufuna pa eyepiece si Saturn wamkulu, koma Saturn wooneka bwinobwino, mphete yake itapatukana ndi thupi lake, mdima ukuoneka pakati. Kampata kakuda ka m'mphetemo, kamene Giovanni Domenico Cassini anakaona mu 1675, telesikopu yanu ikhoza kukaonetsa usiku wabata mukakuza kupyola ka 100. Koma dziwani kuti mu March 2025 mpheteyo inatiloza cham'mbali n'kuoneka ngati kachingwe, ndipo ikutseguka pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 2032. Mphete ikakhala yopyapyala, kampatako kamavuta kuona ndi eyepiece iliyonse. Musadzanene kuti munagula choipa.

Ndisanafike pa zogula, pali zinthu zaulere zimene muyenera kuyamba mwakonza, chifukwa eyepiece imasenza milandu yambiri imene si yake. Telesikopu ya Newtonian ili ndi magalasi awiri amene ayenera kuyang'anana mwandendende, ndipo amasuntha mukamainyamula uku ndi uku. Kuwongola magalasiwa amati collimation. Kuyesa kwake n'kosavuta: lozani nyenyezi yowala, muiike pakati penipeni, kenaka potozani fokasi pang'ono mpaka nyenyeziyo isanduke mkombero wa kuwala wokhala ndi mdima m'kati. Mdimawo ukakhala pakati, zili bwino. Ukapendekera mbali imodzi, magalasi asokonekera, ndipo buku limene linabwera ndi telesikopu limafotokoza tizikuluwu toti mupotoze. Ndinakumanapo ndi munthu amene anali atagula ma eyepiece atatu motsatizana, akudandaula kuti Jupiter akuoneka mbuu. Titawongola magalasi, mizere iwiri ya mitambo ya Jupiter inatulukira ndi eyepiece yakale yomwe ija imene ankafuna kutaya. Zinandimvetsa chisoni chifukwa ndalama zinali zitapita kale. Chinanso, tulutsani telesikopu panja mphindi 30 musanayambe, galasi lifanane kutentha ndi mpweya wa usiku. Ndipo dikirani pulaneti ikwere. Chinthu chikakhala m'munsi chakufupi ndi nthaka, kuwala kwake kumadutsa mpweya wochuluka kwambiri, ndipo musadalire kuona zabwino.

Tsopano vuto la ya 10mm ija. Dandaulo lanu loti mumachita kukanikiza diso ndi lenileni, ndipo lili ndi dzina: eye relief, mpata umene umakhala pakati pa galasi la pamwamba ndi pamene diso liyenera kukhala kuti lione bwalo lonse. Mpatawu ukachepa, nsidze zimakhudza galasi n'kulipaka mafuta, diso limatopa, mumagwedeza telesikopu ndi nkhope, ndipo pakatha masekondi ochepa mumadzuka. Pulaneti imafuna kuyang'anitsitsa kwa mphindi zingapo. Eyepiece imene simungakhalepo mphindi zisanu sikuthandizani, ngakhale magalasi ake atakhala abwino bwanji.

Yang'anani zilembo zimene zili pafupi ndi nambala. H amaimira Huygens, kapangidwe ka Christiaan Huygens ka m'zaka za m'ma 1660. SR ndi ka banja la Ramsden, ka m'ma 1780. Mitundu iwiriyi ili ndi magalasi awiri okha, bwalo lake n'lopanikiza ngati mukusuzumira m'bango, ndipo pa telesikopu yaifupi ngati yanu siigwira bwino n'komwe. Ngati zanu zili ndi zilembo zimenezi, kusintha kulikonse mudzakuona usiku woyamba. K kapena MA ndi za banja la Kellner, kapangidwe ka Carl Kellner ka mu 1849, ka magalasi atatu. Zimenezi n'zapakatikati: ya 25mm imakhala yabwino ndithu, n'chifukwa chake mukuikonda, koma ya 10mm imapanikiza diso.

Ambiri adzakuuzani kuti gulani Plössl, ndipo sakunama. Kapangidweka n'ka Simon Plössl wa ku Vienna, ka mu 1860, ka magalasi anayi oikidwa awiriawiri. Kamaonetsa bwino, bwalo lake ndi la madigiri pafupifupi 50, ndipo masiku ano sikadula. Koma Plössl ili ndi khalidwe limene ogulitsa satchula: mpata wa diso umachepa pamodzi ndi nambala yake, umakhala pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa khumi a nambalayo. Ya 25mm ikupatsani mamilimita pafupifupi 17, ya 10mm pafupifupi 7, ya 6mm pafupifupi 4 okha. Mamilimita anayi! Diso lichita kugona pagalasi. Apa mpamene pagona vuto la bokosi lanu lija. Mabokosi oterewa kawirikawiri amadzazidwa ndi ma Plössl, awiri kapena atatu mwa iwo n'kukhala afupiafupi. Mudzakhala mwalipira kuti vuto limene mukulidandaula lero lichuluke. Onjezanipo imodzi yoyandikana ndi 25mm imene muli nayo kale, ndi tisefa tofiira, tachikasu ndi tabuluu timene mudzayese kamodzi n'kutiiwala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Plössl ndi yabwino kuyambira cha m'ma 15mm kupita m'mwamba. Kutsika pamenepo, funani kapangidwe kena.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi eyepiece ya 6mm kapena 5mm ya mtundu umene bwalo lake ndi la madigiri 60 kapena kuposerapo, ndipo mpata wa diso ndi mamilimita 15 kapena kuposa. Manambala awiriwa amalembedwa pofotokoza katunduyo, ndipo wogulitsa akawabisa, musagule. Zoterezi zilipo zambiri zosadula, zina zimachokera m'fakitale imodzi n'kumagulitsidwa ndi mayina osiyanasiyana, choncho musavutike ndi dzina. Chinsinsi chake n'chakuti kumunsi kwake anaikako kagalasi kowonjezera kukuza, ndiye galasi la kudiso limakhala lalikulu, lopumirapo. Ya 6mm ikupatsani ka 108, ya 5mm ka 130. Pa ziwirizi ine ndimasankha ya 6mm, chifukwa mudzaigwiritsa ntchito usiku wochuluka, ngakhale mpweya usali bwino kwenikweni. Eyepiece imene imatuluka m'bokosi usiku uliwonse imaposa imene imadikira usiku wapadera.

Bwalo lotambalala lili ndi phindu lina limene munthu samaliganizira asanakumane nalo. Dziko likuzungulira, ndipo thambo limaoneka likuyenda madigiri 15 pa ola. Ngati telesikopu yanu ilibe injini yotsatira nyenyezi, pulaneti imalowa mbali iyi ya bwalo n'kukatulukira mbali inayo. Kuti mudziwe kukula kwa chigawo cha thambo chimene mukuona, gawani madigiri a eyepiece ndi kukuza kwake. Pa ka 108, eyepiece ya madigiri 50 ikuonetsani chigawo chosakwana theka la digiri, ndipo pulaneti ichidutsa m'mphindi zosakwana ziwiri. Ya madigiri 66 ikuonjezerani theka la mphindi ndi kuposerapo. Zikuoneka zochepa, koma nthawi iliyonse imene mwakankha telesikopu, imanjenjemera kwa masekondi angapo, ndiye masekondi aliwonse abata ndi a mtengo wapatali. Ndiponso mwezi wonse, umene kukula kwake ndi theka la digiri, udzakwana m'bwalo limodzi.

Njira ina ndi Barlow, kachubu kokhala ndi galasi kamene mumalowetsa kaye mu telesikopu, eyepiece n'kukhala pamwamba pake. Dzinali n'la Peter Barlow, katswiri wa samu wa ku England. Barlow ya 2x imachulukitsa kukuza kawiri, ndipo ubwino wake n'ngoti mpata wa diso suchepa. Ya 25mm yanu idzagwira ngati ya 12.5mm, n'kukupatsani ka 52 diso lili phee. Ya 10mm idzafika ka 130, koma kupanikiza kwake kudzakhala komweko, n'chifukwa chake sindikuika Barlow patsogolo. Ikhale yachiwiri. Mukadzakhala nayo pamodzi ndi ya 6mm ija, mudzakhalanso ndi ka 217 kodikira usiku wabata. Gulani ya 2x yachitsulo, yokhala ndi magalasi awiri m'kati. Zapulasitiki za 3x zimene zimabwera ndi matelesikopu ena zimangokuza chimbuuzi. Ndipo mukamadzagula ma eyepiece ena m'tsogolo, muziwerenga kuti musabwereze zimene Barlow ikukupatsani kale. Munthu amene ali ndi 25mm ndi Barlow alibe chifukwa chogulira 12mm ya mtundu womwewo.

Tisaiwale mbali ya kukuza kochepa, chifukwa telesikopu yanu ndi katswiri pa kuonetsa thambo lotambalala. Tsiku lina masana, lozani telesikopu kukhoma lowala, kutali ndi dzuwa, muime chapatali pang'ono ndi kuyang'ana eyepiece. Mudzaona kadontho ka kuwala kakulendewera pamwamba pa galasi. Kuwala konse kumene galasi la 130mm latola kumatulukira m'kadonthoko, ndipo kayenera kukwana m'mwana wa diso lanu. Kukula kwake mumakupeza motere: 650 kugawa ndi 130 ndi 5, ndiye telesikopu yanu ndi f/5. Gawani nambala ya eyepiece ndi 5 ameneyu. Ya 25mm imapereka kadontho ka mamilimita 5, ya 32mm ka 6.4, ya 40mm ka 8. Mwana wa diso la wachinyamata amatseguka mpaka mamilimita pafupifupi 7 mumdima, ndipo wa munthu wachikulire nthawi zambiri amalekera cha m'ma 5. Choncho ya 40mm musaigule. Kuwala kwina kudzagwera kunja kwa diso, ndipo mukhoza kumaona mthunzi wa kagalasi kakang'ono ka telesikopu ukuyandama pakati. Komanso ya 40mm siionetsa thambo lalikulu kuposa ya 32mm, chifukwa chitsulo cha mainchi 1.25 chimene zonsezi zimalowera n'chimene chimaika malire. Plössl ya 32mm ikupatsani ka 20 ndi chigawo cha madigiri oposa awiri. Nsangwe zonse, kagulu ka nyenyezi zoyandikana kaja, zimakwana m'menemo, ndipo kuyenda nayo m'Mlalang'amba usiku wopanda mwezi n'chinthu chimene sinditopa nacho. Komabe kusiyana kwake ndi ya 25mm imene muli nayo si kwakukulu, ndiye imeneyi ingadikire.

Nambala ya f/5 ija ili ndi chenjezo lake. Telesikopu yaifupi chonchi imatumiza kuwala mopendekera kwambiri, ndipo ma eyepiece otsika mtengo a bwalo lotambalala amalephera kukuwongola m'mphepete. Pakati nyenyezi zimakhala timadontho, koma chakumphepete zimatambasuka ngati timbalame touluka. Si kuti eyepiece yawonongeka ayi. Kuti mphepete mukhale moyera pamafunika kapangidwe ka magalasi ambiri, konga ka madigiri 82 kamene Al Nagler wa Tele Vue anatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo zina mwa zimenezo zimadula kuposa telesikopu yanu yonse. Woyamba kumene sakuzifuna. Ikani chimene mukuyang'ana chapakati, mphepete muzisiye zikhale zokuthandizani kupeza njira.

Mudzamvanso za zoom, kawirikawiri ya 8mm mpaka 24mm, imene mumangopotoza kuti kukuza kusinthe. Si yoipa, ndipo imaphunzitsa munthu kudziwa kukuza kumene usiku umenewo ukulola. Koma bwalo lake limapanikiza kumbali ya 24mm, cha m'ma madigiri 40, ndipo pa telesikopu yanu imalekera pa ka 81, pamene inu mukufuna kupyola ka 100. Funso lanu siiyankha payokha.

Musanalipire chilichonse, yezani pakamwa pamene eyepiece imalowera. Kukula kofala ndi mainchi 1.25, pafupifupi mamilimita 32. Palinso mainchi 2, ndi kakale ka 0.965. Mukagula yosiyana ndi yanu, siilowa. Funaninso mawu oti fully multi-coated, osonyeza kuti magalasi onse anapakidwa mankhwala ochepetsa kunyezimira. Mukaipendeketsa pa nyali, galasi lotere limabweza kuwala kofooka kobiriwira kapena kofiirira, osati koyera mbee. Ngati mumavala magalasi a maso chifukwa chosaona patali kapena pafupi, avuleni n'kukonza fokasi. Koma ngati vuto lanu ndi astigmatism, lochititsa diso kuona kadontho ka kuwala motambasuka, mungafunike kuwavalabe makamaka pa kukuza kochepa, ndiye funani mpata wa diso wa mamilimita 18 mpaka 20.

Zogwiritsidwapo kale ntchito musazinyoze. Eyepiece ilibe injini yoti n'kutha, ndipo yosamalidwa bwino imakhala zaka makumimakumi. Muiyang'ane pa kuwala kuchokera mbali zonse ziwiri. Tifumbi tochepa si vuto. Pewani yokalika kwambiri, yooneka chifunga m'kati, kapena yokhala ndi timizere tonga ukonde wa kangaude, chifukwa imeneyo ndi nkhungu. Igwedezeni pafupi ndi khutu: ikamalira kwambiri, magalasi akhwepa. Ndipo ngati mungapeze anthu ena oyang'ana nyenyezi, apempheni muyese eyepiece yawo mu telesikopu yanu yomwe. Mphindi ziwiri za pamenepo zidzakuuzani zoposa zonse ndalemba pano. Yanu mukaigula, musamaipukute ndi malaya. Uzirani fumbi ndi kapampu ka labala, pukutani mwa apo ndi apo ndi kansalu ka magalasi, ndipo musaimasule, chifukwa magalasi ake akasokonezeka n'kovuta kuwabwezera.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Ngati m'katundu aliyense mudzapeza kasefa kakuda kolembedwa SUN kopotozera kumunsi kwa eyepiece, katayeni. Pamalo amenewo mpamene kutentha konse kwa dzuwa kumasonkhana, kasefako kakhoza kusweka mwadzidzidzi diso lanu lili pomwepo, ndipo khungu lotere silichira. Dzuwa limayang'anidwa ndi sefa yapadera yotseka kukamwa konse kwa telesikopu, kutsogolo.

Ya 6mm ija ikadzafika, musadzaiweruze m'masekondi khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pezani chinthucho ndi ya 25mm, muchiike pakati, kenaka sinthani. Khalani pampando, chifukwa munthu woimirira amagwedezeka ndipo diso lake silikhazikika. Yambani ndi mwezi uli theka, muyang'ane pamalire a kuwala ndi mdima, pamene mithunzi ya mapiri imatalika ndipo nsonga zina zimawala zokha mumdima. Kenaka pitani kwa Jupiter. Miyezi yake inayi imene Galileo anaiona mu 1610, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, mudzaiona nthawi yomweyo. Mizere ya mitambo imafuna nthawi: mudzaona mbuu, mbuu, kenaka mpweya udzaima kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, zonse n'kuonekera ng'aning'ani, n'kubwereranso mbuu. Khalani pomwepo mphindi khumi mukudikira timasekondi timeneti. Kwa mwezi wathunthu muzilemba m'kabuku chimene chakuvutani usiku uliwonse. Ngati mudzapeza kuti mukulumpha kwambiri kuchoka pa ka 26 kufika pa ka 108 ndipo ya 10mm simukuikhudzanso, gulani Barlow kapena eyepiece yabwino ya 10mm mpaka 12mm, imene idzakuonetsani bwino mtambo wowala wa pafupi ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, ndi magulu othithikana a nyenyezi. Ngati mudzapeza kuti mukuvutika kupeza zinthu kumwamba ndipo mukulakalaka bwalo lalikulu, ndiye nthawi ya 32mm yakwana.